Njinga ya jimu ya madala ataliatali: yezani mwendo musanatulutse ndalama

[Pakhonde, njinga ya jimu ili pambali, tepi yoyezera m'manja]

Muli bwa nonse, takulandiraninso. Lero tili pa njinga izi zopalasa uli pamalo amodzi, ena mumati njinga za jimu, makamaka mukafuna kugulira munthu wachikulire yemwenso ndi wamtali.

Ine ndinagulira bambo anga, ali ndi zaka 71, kutalika 188 cm. Kuchipatala anawauza kuti BP yawoyi ikufuna adzilimbitsa thupi, koma kuyenda m'misewu ya kuno ku Area 25 mukudziwa nokha, fumbi lake, makabaza a njinga zamoto kumangokuphonya pang'onong'ono. Ndiye ndinaona njinga pa Facebook, chithunzi chokongola, ndalama tumizeni. Itafika madala kukwera, mawondo kumagunda mahandulo ngati abwereka ya mdzukulu wawo. Masiku atatu okha bondo layamba kuwawa, njinga ija inasanduka poyanika mathawulo.

Pamene ndinalakwitsa ndi apa. Ndinangowerenga zolembedwa kuti imakwana munthu wamtali mpaka mwakuti. Koma anthu awiri otalika mofanana miyendo imasiyana, wina kutalika kwake kuli kumsana wina kuli kumiyendo. Ndiye muyeze mwendo.

[Kamera pafupi, kusonyeza kayezedwe]

Madala avule nsapato, atsamire khoma, muike buku pakati pa miyendo mulikweze mpaka lifike pamwamba ngati akhalira chishalo, kenako tepi kuchoka pabuku kufika pansi. Awo anapezeka 90 cm. Nambala imeneyo muchulukitse ndi 1.09, ikupatsani 98. Ndiye kuti kuchoka pamwamba pa chishalo kufika papedulo pomwe ili pansi penipeni pakhale pafupifupi 98 cm. Popita kokagula tepi m'thumba, mukweze chishalo mpaka pothera muyeze nokha, ogulitsa asakunyengerereni zoti "ikwana iyi bwana".

Masamu akakuvutani njira ina ilipo. Akwere, aike chidendene papedulo pomwe ili pansi penipeni, mwendo uwongoke. Akabweza phazi kuti apalase bwinobwino bondo lidzipinda pang'ono chabe. Likamapinda kwambiri ndi pamene kutsogolo kwa bondo kumawawa, chishalo chikakweranso mopyola muona chiuno chikugwedera uku ndi uku.

Onaninso chitsulo cha chishalocho, chambiri chimakhala ndi mzere wosonyeza polekezera. Osapyola. Ndipo chonde aphwanga, ganizo loti tipite nayo ku Mchesi akawotcherere paipi ina kuti italike, lisiyeni. Anyamata aja ntchito amaitha, mageti awo ndi olimba, koma apa pakhala kholo lanu la makilo 95, pakathyoka ndi nkhani ya chiuno, ndipo chiuno cha munthu wachikulire sichipola msanga.

Tsopano mtundu wake. Pali yokhala mowongoka ngati njinga wamba, pali ya mpikisano yowerama ija ya m'majimu, ndiye pali yokhala ndi mpando wotsamira, mapedulo ali kutsogolo, m'masitolo amailemba recumbent. Yowerama ija kwa madala iwalani. Ine ndimakonda yotsamira, msana umapuma ndipo sachita kuponya mwendo pamwamba pokwera, amangolowa nkukhala. Kungoti imadya malo, pabalaza pang'ono muyambana ndi amayi. Pa imeneyi chofunika ndi njanji yomwe mpando umayendapo, mukankhire mpando kumbuyo kwenikweni muone ngati mwendo ukuwongoka. Zopinda zing'onozing'ono zotchipa zija zambiri zimakhala zazifupi kwa munthu wamtali.

Zina mwachangu. Papepala lake pamalembedwa kulemera komwe imanyamula, ngati akuti 100 kg pomwe madala ali 95 ndi pafupi kwambiri, pezani ya 120 kapena kuposa. Mahandulo adzikwera nawonso, apo ayi adziwerama ngati akupalira. Malamba a pamapedulo muyese ndi nsapato zawo zenizeni, size 11 simalowa paliponse. Igwedezeni muone ngati siikutengeka.

Cholimbitsira mapedulo chilipo cha maginito ndi china chokhala ngati buleki yokhuza gudumu. Cha maginito sichisokosa komanso palibe chomwe chimaperepeseka, cha buleki chimatha ndiye muyambe kusaka sipeya tauni yonse. Ndipo sankhani yopotokola ndi dzanja, kasikirini kake ka mabatire, chifukwa yolumikiza kumagetsi akathima ndiye kuti lero kulibe jimu.

Ikafika kunyumba asayambe ndi ukali. A WHO amati munthu wamkulu, ngakhale wopyola zaka 65, adzipeza mphindi zosachepera 150 pa sabata zolimbitsa thupi mosapanikiza kwambiri, ndiye kuti 30 patsiku kwa masiku asanu. Koma ayambe ndi 5 kapena 10, adzipalasa akutha kuyankhula. Amene ali ndi vuto la mtima, shuga kapena anapangidwapo opaleshoni ya bondo afunse kaye adokotala, ndipo chizungulire kapena kuwawa pachifuwa zikabwera atsike pomwepo.

[Kamera itembenukira kwa madala akupalasa, wailesi pampando]

Iyi ndi yachiwiri, tinapita nawo okha kukaiyesa. Pano akufika mphindi 25, koma Silver ikamasewera amamaliza hafu yonse osadziwa. Ababa, tawapatsani moni anthu.