Mmene Mungapemphere Pulogalamu Yanu pa Wayilesi ya M'dera Kuno ku Mangochi

(Chithunzi: m'mawa pagombe la nyanja, asodzi akusoka maukonde, ndipo kawayilesi kali pamwamba pa bwato.)

Takulandirani owonera athu. Kawayilesi mukukaonako, kamene akamanga ndi mphira ya chubu cha njinga kuti mabatire asagwe, ndi komwe mawu anu adzatulukire ngati pempho lanu loyendetsa pulogalamu mongodzipereka livomerezedwa. Ndayambira pagombe pano mwadala, chifukwa ambiri amene amakagogoda kuwayilesi amapita akuganiza za kukoma kwa mawu awo, pamene mkulu woona za mapulogalamu amakhala akuganiza za bambo akusoka ukondewa, ndi chimene chingawachititse kuti asapotoze wayilesi yawo.

Boma lathu lino si lachilendo pa nkhani imeneyi. Dzimwe Community Radio ya ku Monkey Bay idayamba kuulutsa mawu mu 1998 mothandizidwa ndi bungwe la UNESCO, ndipo ili m'gulu la wayilesi zoyambirira za m'madera m'dziko muno. Radio Maria Malawi, ya mpingo wa Katolika, idayamba mu 1999 kuno ku Mangochi, ndipo ntchito yake yambiri imagwiridwa ndi anthu ongodzipereka. Wayilesi zotere sizikhala ndi ndalama zolembera aulutsi ambiri, choncho khomo la munthu wamba limakhala lotsekula, koma silitsekukira aliyense amene wangobwera ndi chilakolako chomveka pamphepo.

(Chithunzi: dzanja likulemba kalata m'kope.)

Musanalembe kalikonse, mverani wayilesiyo kwa sabata yathunthu, kope ndi cholembera zili pafupi. Lembani pulogalamu imene ikuulutsidwa ola lililonse, chilankhulo chake, ndi anthu amene akuimba foni. Mukatero mudzaona pamene pali mpata. Pempho la pulogalamu ya nyimbo ndi moni limakanidwa msanga, osati chifukwa ndi loipa, koma chifukwa wayilesi iliyonse ili nayo kale, ndipo aulutsi ake salola kuisiya.

Kalata yanu ikhale ya tsamba limodzi, yopita kwa mkulu wa wayilesi kapena kwa mkulu woona za mapulogalamu. Munene dzina la pulogalamuyo, kutalika kwake, ndi anthu amene mukufuna kulankhula nawo. Apa mpamene ambiri amapunthwa, chifukwa amalemba kuti pulogalamuyo ndi ya anthu onse. Amayi oyanika usipa pathandala ndi gulu lina, alimi a ku Namwera ndi gulu lina, ndipo achinyamata akabaza a pa boma nawonso ali ndi nkhani zawozawo komanso nthawi yawo yomvera. Msodzi wa ukonde wa chilimira amene wagwira ntchito usiku wonse ndi nyali sangamvere pulogalamu ya 9 koloko usiku, ngakhale itakoma bwanji. Munenenso ngati mudzalankhula m'Chichewa, m'Chiyao, kapena m'zilankhulo zonse ziwiri, pakuti kuno munthu amene atha kufunsa gogo wa ku Makanjira m'Chiyao chomveka ali ndi mphatso imene wayilesi ikuifunafuna.

Chimene chimalemetsa kalata kwambiri ndi mndandanda wa mitu. Lembani mitu ya masabata 8 kapena 10, ndipo pamutu uliwonse mutchule munthu amene mudzamuitane. Mwachitsanzo, ngati pulogalamu yanu ndi ya usodzi, sabata ina mungakambe za nyengo yotseka nyanja kuti chambo chiswane, mlendo wanu n'kukhala mlangizi wa za usodzi pamodzi ndi wapampando wa komiti ya pagombe. Sabata inayo mungakambe za mavuto a kuumitsa nsomba m'nyengo ya mvula. Munthu amene mitu yamuthera pa sabata yachitatu alibe pulogalamu, ali ndi nkhani imodzi chabe, ndipo ndi bwino kuti adziwe zimenezi ali kwawo osati ali kutsogolo kwa maikolofoni.

(Chithunzi: foni ili patebulo m'chipinda chotseka, pazenera pakoledwa bulangete.)

Pamodzi ndi kalatayo, perekani chitsanzo cha mawu anu cha mphindi 3 mpaka 5, chojambulidwa pa foni wamba. Ine chitsanzo changa choyamba ndidachijambulira pakhonde masana, osazindikira kuti chigayo cha pafupi chikulira, ndipo amene adachimvera adandifunsa mwaulemu ngati pulogalamu yanga inali ya ufa. Tsekani chitseko, kolekani bulangete pazenera, ikani foni pa mtunda wa chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa, ndipo lankhulani ngati mukuuza munthu mmodzi amene mwakhala naye pamkeka. Musayesere mawu a muulutsi wotchuka, chifukwa makutu a akuluakulu a wayilesi amazindikira msanga mawu obwereka.

Mukaitanidwa kukacheza nawo, yembekezerani mafunso okhudza malamulo. Wayilesi iliyonse imaulutsa mawu ndi chiphaso chochokera ku bungwe la MACRA, loyang'anira mawayilesi m'dziko muno, ndipo muulutsi wongodzipereka akanyoza munthu pamphepo kapena akalola woimba foni kunyoza chipembedzo cha anzake, mlanduwo umagwera wayilesi yonse. M'boma ngati lathu, momwe Asilamu ndi Akhristu amagula pamsika umodzi ndipo amamvera wayilesi imodzi, nkhani imeneyi saitenga mopepuka. Chimodzimodzinso ndale: ngati muli ndi udindo m'chipani, neneni poyambirira.

Inunso mufunse mafunso anu mosachita manyazi. Kudzipereka kumatanthauza kuti malipiro palibe, choncho dziwani amene adzalipire kabaza ndi mayunitsi oimbira alendo anu, amene adzakuphunzitseni kugwiritsa ntchito makina a mu situdiyo, ndi chimene muyenera kuchita tsiku limene mwadwala kapena kwagwa maliro. Mwina adzakuuzani kuti muyambe mwathandiza muulutsi wina kwa miyezi ingapo, kumunyamulira chojambulira mawu ndi kumulandirira mafoni. Vomerani, ndipo tsiku loyambalo mufike ola limodzi nthawi isanakwane, kope la mitu lija lili m'manja.