Musakwere njinga adokotala asanakuloleni

Zikomo nonse chifukwa chobwera. Amayi ndi abambo, nkhani yatisonkhanitsayi mukuidziwa kale. Mnzathu uja amene anagwa pa njinga n'kuthyoka fupa la paphewa, mutu n'kumenyetsanso pansi, akuti akufuna kupalasa ulendo wautali kuti asonkhe ndalama zogulira katemera wa chiwewe wa agalu. Maganizo amenewa ndawakonda, ndipo ndithandiza. Koma sabata yathayi ndinamuona akuyesera kukwera, mkono udakali m'nsalu yokolekera m'khosi. Mtima unangoti phwii. Ndiye ndanena kuti tikambirane tonse, chifukwa ambiri muno timapalasa. Musakwere njinga adokotala asanakuloleni.

Fupa la paphewa la munthu wamkulu limatenga masabata 6 mpaka 12 kuti ligwirane. Ululu umayamba kutha fupa lisanalimbe, ndiye apa ndi pomwe timapusitsika. Ine ndemwe zinandichitikira. Ndinathyoka pamkono, atangondichotsa chikhakha ndinati basi ndachira, mafizo ndinawasiya. Tsiku loyamba kukwera, pofuna kugwira mabuleki potsetsereka, zala sizinamvere. Minofu inali itafooka chifukwa chokhala nthawi yaitali osagwira ntchito. Ndinagwera pomwepo, pa mkono womwewo. Ndinabwerera kuchipatala ndili ndi manyazi, n'kuyambiranso.

Za mutu ndiye zoopsa kwambiri. Ubongo ukagwedezeka, kunja sikuoneka bala. Munthu amangomva mutu kuwawa, chizungulire, kuiwalaiwala, maso kudana ndi kuwala. Akamenyetsanso kachiwiri ubongo usanachire, zimatha kuipa kuposa poyamba. Inu anyamata mwakhala kumbuyoko, ndimakuonani, chipewa chotetezera mutu mumachikoleka pa handulo ngati chokongoletsa. Handulo ilibe ubongo, ana anga. Ndipo chipewa chimene chinamenyetsedwapo pangozi musachivalenso, ngakhale chikuoneka chabwinobwino, mkati mwake mwina chinaphwanyika kale. Ndibwerezenso: musakwere adokotala asanakuloleni.

Eya bambo, ndakuonani, lankhulani.

Bambowa akufunsa kuti, anthu akuvutika chonchi, munthu n'kuika moyo wake pachiswe chifukwa cha galu? Funso labwino, ndipo ndikudziwa kuti ena mumaliganiza osalinena. Bambo, galu amamva ululu, amamva njala, amamva ludzu. Chimenecho pachokha n'chokwanira kwa ine. Koma tamvani izi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo ku Africa ndi ku Asia. Pa anthu 100 aliwonse odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa galu. Ndipo mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, 4 ndi ana osakwana zaka 15, chifukwa mwana ndi amene amasewera ndi galu, ndipo akakandidwa amabisa poopa kukalipiridwa. Zizindikiro zikangoyamba, munthu uja sapulumuka. Koma agalu 70 pa 100 aliwonse m'dera akabayidwa katemera, matendawa amasiya kufala. Mwaona? Jakisoni wabayidwa galu, wotetezeka ndi mdzukulu wanu. N'chifukwa chake pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za chiwewe. Ndipo poti tafikapo, galu akaluma munthu, tsukani balalo ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti muone ngati galuyo adwale.

Koma pamene mwati "kuika moyo pachiswe", pamenepo ndikugwirizana nanu, bambo. Agalu sapindula kanthu mnzathuyu akagonekedwanso m'chipatala. Ngati tsiku la ulendo lafika iye asanachire, tisinthe tsikulo. Amene alonjeza ndalama adikira. Ndipo inu amene mukumuchemerera kuti "limba mtima, ndiwe mwamuna", chonde siyani. Mukumukankhira kuphompho.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana panja, ndiye ndifulumire. Mnzathuyu akalandira chilolezo cha adokotala, apitirize mafizo. Ayambe ndi kuyenda pansi, kenako kupalasa mphindi zochepa pamalo athyathyathya opanda magalimoto, wina ali pambali. Mtunda aziwonjezera pang'onopang'ono, ndi masiku opuma pakati. Mutu ukawawa, chizungulire chikabwera, kapena pamene panathyokapo pakabaya, atsike, abwerere kwa adokotala. Njinga ija inagwa nayo, ipite kwa amakaniko, aone mabuleki, matayala, tcheni, ndi felemu ngati siinang'aluke. Chipewa chatsopano. Madzi akumwa okwanira. Pa tsiku la ulendo asakhale yekha, pakhale anthu omutsatira. Ndalama zilembedwe m'buku ndi anthu awiri, ziperekedwe kwa a zaziweto poyera, aliyense aone.

Amene mungapalase naye, ngakhale chigawo chimodzi chokha, tsalani pang'ono mulembetse mayina. Tsiku tidzalengeza mnzathuyu akadzabwerako kwa adokotala.