Galasi likapotoka digiri imodzi, laser imapotoka madigiri awiri

(Chithunzi: Senga Bay m'mamawa, asodzi akukokera mabwato kumtunda)

Mwadzuka bwanji anzanga? Tili ku Senga Bay kuno ku Salima. Taonani nyanja lero, yangoti zii, ndipo dzuwa likuoneka pawiri, lina kumwamba, lina m'madzi. Mudzabwere mu Juni mwera ukuwomba, dzuwa la m'madzilo simudzalipeza, mudzangoona kunyezimira kuli balala. Madzi osalala amabweza kuwala mwadongosolo, amafunde amakumwaza. Galasi ndi nyanja yopanda mwera basi.

(Chithunzi: tebulo m'kalasi, pali laser, magalasi atatu, pepala ndi protractor)

Vidiyoyi ndi ya inu amene mukukonzekera mpikisano wowongolera laser (katochi koponya kuwala kowonda ngati ulusi) ndi magalasi. Nthawi zambiri zimakhala chonchi: laser ili uko, chandamale chili uku, pakati atchingapo. Inu muziika magalasi laser ili yozima, nthawi ikuwerengedwa. Mukati tatha, ndiye amayatsa, n'kuyeza kuti kadontho kofiira kagwa patali bwanji ndi chandamale. Mwayi wokonza palibe.

Lamulo ndi limodzi. Kuwala kumachoka pagalasi ndi madigiri omwewo amene kunafikira. Madigiriwo timayeza kuchokera pa mzere wotchedwa normal, woima chilili pankhope ya galasi pa madigiri 90. Kuwala kukadutsa pa 30 kuchokera pagalasi penipenipo, ndiye kuti kuchokera pa normal ndi 60. Ambiri amagwa posakaniza ziwirizi, apa ayeza motere, apo ayeza mwina.

Tsono onetsetsani manja angawa. Ndalemba mzere wochokera ku laser kufika pomwe ndikufuna galasi likhale. Ndalembanso wina wochoka pamenepo kupita ku chandamale. Ndikupinda pepala mpaka mizere iwiriyi igonerane, ndikuiyang'anira pawindo kuti ionekere. Ndakanikiza ndi chikhadabo, ndatambasula. Mpindiro uwu ndiye normal wanu. Galasi lidule mpindirowu pa madigiri 90, nkhani yatha. Ine njira iyi ndimaikhulupirira kuposa protractor ya m'bokosi la masamu yomwe manambala ake anafufutika kalekale.

Nanga n'chifukwa chiyani ena mizere amalemba bwinobwino koma n'kuphonya ndithu? Apa ndiye pagona nkhani. Galasi mukalipotoza digiri imodzi, normal amasuntha digiri imodzi. Mbali yofikira yawonjezera imodzi, yobwerera nayo imodzi, kuwala kwapotoka madigiri awiri. Pa mtunda wa mita imodzi, kadontho kathawa masentimita 3.5. Pa mamita awiri, pafupifupi 7. Digiri imodzi ndi yotani? Ndi kungokhudza tebulo ndi chigongono. Ndiye magalasi akhale atatu, lililonse ndi kaphonyo kake, muona laser ikulozera kuchitseko. Choncho galasi loyamba lipatseni nthawi yochuluka, chifukwa cholakwa chake chimayenda ulendo wonse.

Galasi liimenso mowongoka. Likapendekera chagada pang'ono, kadontho kamakwera khoma. Poyeserera kunyumba, lipaneni ndi zopanira zovala ziwiri kapena mulizike m'dongo, kenako mugunditse set square kumbuyo kwake.

(Chithunzi chapafupi: nsonga ya pensulo yagunda galasi)

Mwauona mpata uwu pakati pa nsonga ndi chithunzi chake? Magalasi a kumsika awa, amene timapesera tsitsi, chobweza kuwala chili kumsana kwake, kuseri kwa galasi. Ndiye mzere umene mukuikapo galasi ugwirizane ndi msana, osati nkhope. Mukayatsa mudzaonanso kadontho kena kofooka pambali, kochokera pankhope. Kameneko kasiyeni. Funsani okonza mpikisano kuti magalasi awo ndi amtundu uti, chifukwa alipo ena obwezera kutsogolo.

Kachinyengo kena aka. Magalasi awiri oima pa madigiri 90 amabwezera kuwala komwe kwachokera, kungosunthira pambali pang'ono. Kathu kofiira kakumbuyo kwa njinga ya kabaza, kamene kamawala galimoto ikaunika usiku pa Kamuzu Road, mkati mwake muli tingodya tambirimbiri totere. Mu 1969 anthu a ulendo wa kumwezi wa Apollo 11 anasiya chipangizo chamtundu womwewu pamwezi, ndipo asayansi amachiwombera laser mpaka lero. Kupita ndi kubwera, kuwalako kumatenga masekondi pafupifupi awiri ndi theka.

Za maso sitichita nazo nthabwala. Gwiritsani ntchito laser yofiira yolembedwa Class 2, yamphamvu yosapitirira 1 mW (milliwatt imodzi). Zobiriwira zija ana amaseweretsa usiku kawirikawiri zimakhala zamphamvu kuposa zomwe analembapo. Laser ikayaka, musaweramire patebulo, vulani wotchi kuti isabweze kuwala m'maso, ndipo mnzanu asakhale moyang'anizana nanu. Mukafuna kuona njira yonse ya kuwala, kung'unthani dasitala ya choko pamwamba pake, mzere wofiira uoneka m'fumbimo.

Sabata ino yambani ndi galasi limodzi, chandamale pa mita imodzi. Yesani kakhumi, nthawi iliyonse muzilemba m'kope masentimita amene mwaphonya. Mukafika pophonya osakwana awiri kasanu kotsatizana, onjezani galasi lachiwiri, mnzanu agwire wotchi. Mu vidiyo yotsatira tiika chotchinga pakati, tione kuti tichilambalala bwanji ndi magalasi atatu.