Mafakitale akusamukira ku Mexico, koma musanamizidwe kuti China yagwa

Moni abale nonse amene mukuonera! Lero tikambe za nearshoring, kusamutsa mafakitale ndi nyumba zosungira katundu kupita kudziko loyandikana ndi kumene kuli ogula. Ngati ndinu atsopano pano, dinani kabatani ka Subscribe ako tisanayambe.

Choyamba, zidayamba bwanji? Mu 2018 America idakweza msonkho pa katundu wa ku China. Mu 2020 Covid idaimitsa mafakitale, katundu n'kuunjikana m'madoko. Mu Marichi 2021 sitima ya Ever Given idatsekereza ngalande ya Suez masiku 6. Makampani adatopa nazo.

Chachiwiri ndi mtunda. Kontena yochokera ku Shanghai imatha milungu panyanja, pamene thiraki yonyamuka ku Monterrey, mzinda wa ku Mexico, m'mawa imafika pachipata cha Laredo, ku Texas m'dziko la America, dzuwa lisanalowe.

Tsopano chachitatu, apa mvetserani bwino, chifukwa nkhani iyi imandipweteka mutu. Mu 2023 Mexico idapitirira China pa katundu wogulitsa ku America, pafupifupi madola 475 biliyoni, pamene China idagulitsa 427 biliyoni. Ndiye anthu adayamba kufalitsa pa WhatsApp kuti China yatha. Ayi ndithu! Pitani kumpoto kwa Monterrey mukaone malo a mafakitale otchedwa Hofusan. Adawamanga ndani? Makampani a ku China pamodzi ndi anzawo a ku Mexico. Hisense ikupangira mafiriji momwemo. Man Wah ikupanga masofa momwemo. Sofa ija imatuluka italembedwa kuti yapangidwa ku Mexico, n'kuwoloka malire pa thiraki, koma eni fakitale ndi omwe aja. Njoka yangofundula khungu, abale. Ndipo zipangizo zambiri zimene amalumikiza m'mafakitale a ku Mexico zimabwerabe pa sitima kuchokera ku Asia. N'chifukwa chake pangano la malonda la America, Mexico ndi Canada lotchedwa USMCA, lomwe lidayamba pa 1 Julaye 2020, lidalamula kuti magawo 75 mwa 100 a mtengo wa galimoto akhale ochokera ku North America kuti ilowe popanda msonkho. Wina akakutumiziraninso uthenga uja, muyankheni ndi vidiyo ino.

Chachinayi, mwachidule, madzi. Mu 2022 chilala chidavuta ku Monterrey, mipope m'makomo inkatulutsa madzi maola ochepa patsiku, pamene fakitale iliyonse yatsopano imafunanso madzi ndi magetsi.

Mu vidiyo yotsatira tiona mafakitale a galimoto a ku Tangier, ku Morocco, amene amagulitsa ku Ulaya. Lembani mafunso anu pansipa.