Manja a Mose Atalema

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Mawu athu m'mawa uno akuchokera pa Eksodo 17:8-13. Amene muli ndi Baibulo pafupi, vesi 12 muliwerenge kawiri.

Ku Refidimu nkhondo inali m'munsi, Yoswa akulimbana ndi Aamaleki, koma Mose anali pamwamba pa phiri, ndodo ya Mulungu ili m'manja. Akakweza manja Aisraeli ankapambana, akatsitsa Aamaleki ankabwezera. Kenako manja aja analema, poti naye anali munthu. Aroni ndi Huri sanayambe kumulalikira za kupirira. Anatola mwala n'kumukhazikapo, wina n'kugwira dzanja ili, wina ilo, ndipo sanasunthe mpaka dzuwa kulowa.

Mwalawo musaupeputse. Munthu akaimirira n'kukweza manja, womuthandiza nayenso amayenera kukweza ake kupitirira mutu, ndiye pakapita mphindi zochepa onse atatu afooka. Koma akakhala pansi, zigongono zake zimafika pachifuwa pa woimirira. Mwala uja unapumitsa Mose, unapumitsanso omugwira. Anthu awiriwa anaganizira za madzulo nthawi idakalipo.

Ku America kunali mkulu wina amene chakudya chake chonse chinkachokera m'zala, a George Pérez. Anabadwa mu 1954 ku South Bronx mumzinda wa New York, makolo awo anali ochokera ku Puerto Rico, ndipo kwa zaka zoposa 40 ankajambula mabuku a nthano za zithunzi, aja amatchedwa comics. Ngati munaonapo Wonder Woman kapena Avengers pa kanema, dziwani kuti anthuwo anayambira papepala, ndipo ena mwa masamba amene anawatchukitsa anadutsa pansi pa pensulo ya mkuluyu.

Ntchitoyi imayenda motere. Wina amalemba nkhani, wina amajambula ndi pensulo, wina amadutsamo ndi inki, wina amapaka mitundu, wina amaika mawu. Buku la pamwezi limakhala ndi masamba 20 kapena 22, ndipo wojambula wachangu amatha pafupifupi tsamba limodzi patsiku, atawerama pathebulo kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ambiri sali pa ntchito yolembedwa. Amalipidwa pa tsamba, ngati ganyu. Anthu a m'nthanomo ndi a kampani, si a wojambula. Penshoni palibe, ndipo ku America inshulansi ya chipatala nthawi zambiri imabwera ndi ntchito yolembedwa. Tsono dzanja likangoima, kapena diso likangochita khungu, ndalama nazo zimaima sabata yomweyo, pamene bilu ya chipatala ikungoyamba kumene kukwera.

A Pérez ankadziwika ndi kudzaza anthu patsamba, aliyense ndi nkhope yakeyake. Pachikuto chimodzi cha JLA/Avengers, buku limene linatuluka m'magawo anayi mu 2003 ndi 2004, anajambulapo anthu oposa 200. Thupi silikongoza ntchito yotere kwaulere. Shuga inawononga maso awo, mu 2017 anadwala mtima, ndipo mu Januwale 2019 analengeza kuti apuma. Pa 7 Disembala 2021 anauza anthu pa Facebook kuti madokotala apeza khansa ya kapamba yomwe yafika pa siteji 3, yosatheka kuichita opaleshoni, ndipo awapatsa miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka. Khansa imeneyi imapezeka mochedwa chifukwa kapamba ali mkati kwambiri, kuseri kwa chifu, ndipo chotupa chimakula mwakachetechete mpaka chitatseka njira ya ndulu kapena kukulunga mitsempha ikuluikulu ya magazi. Iwo anasankha kusalandira mankhwala amphamvu aja a chemo. Anafuna kuti masiku otsalawo akhale ndi banja, anzawo ndi anthu okonda ntchito zawo.

Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Tikamva kuti wina wadwala timathamangira kusonkha ndalama tisanafunse. A Pérez anali atanena kale popuma ntchito kuti kumbali ya ndalama ali bwino. Chimene ankasowa chinali nthawi, mtendere, ndi mpata wotsanzika. Omukonda anamva zimenezo. Analemba mauthenga onena tsamba lenileni limene linawakhudza ali ana, anzawo a ntchito anapita kukawaona maso ndi maso, ndipo nkhani za matenda zinkatuluka pakhomo limodzi, kudzera mwa mnzawo wa banjalo amene anapatsidwa udindowo. Mayi a kunyumba sanasanduke wolandira mafoni usiku wonse.

Kuchiyambi kwa 2022 makampani awiri opikisana osindikiza mabuku amenewa, Marvel ndi DC, analola kuti JLA/Avengers isindikizidwenso patatha zaka zambiri isakupezeka. Anasindikiza makope 7,000, ndipo phindu linapita ku Hero Initiative, bungwe lomwe linayamba mu 2000 kuti lizithandiza akale a ntchitoyi pa chipatala, lendi ndi chakudya. A Pérez anali m'gulu la oyambitsa bungwelo. Akulu anati kupatsa n'kuika. Koma ngakhale pa chinthu chabwino chotere panalowa fisi: makopewo anachepa, ena anagula n'kukagulitsa pa intaneti pa mtengo wokwera kangapo, ndipo ndalama yapamwambayo sinafike kwa wodwala aliyense. Mukamagulitsa chinthu m'dzina la wodwala, kaya ndi T-shirt, chimbale kapena tikiti ya konsati, ikani malire a kuchuluka kwa zimene munthu mmodzi angagule, ndipo nenani poyera kuti pa chilichonse ndi zingati zikupita kwa mwini matenda mukachotsa zolipira holo, zokuzira mawu ndi osindikiza. Makonsati ena othandiza odwala amatha anthu atavina bwino, envelopu ikafika kuchipatala ili yopyapyala.

A Pérez anamwalira pa 6 Meyi 2022 kunyumba kwawo ku Florida, ali ndi zaka 67. Uthenga wa imfa yawo unawerenga ukwati wawo m'miyezi, miyezi 490. Mawu ambiri oyamikira anali atawamva ndi makutu awo.

Kwa a Norm Breyfogle zinali zina. Iwowa anajambula Batman kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990. Mu Disembala 2014 anadwala sitiroko yomwe inapha mbali ya kumanzere, ndipo iwo anali amanzere. Dzanja lodyera lija ndi lomwe linagwa. Analibe inshulansi. Apa ndalama inali yofunikadi, ndipo achibale anatsegula thumba pa intaneti, okonda zojambula zawo n'kuponyamo. Anakhala ndi moyo mpaka 2018. Kuyambira 2014 kufika 2018 si masabata awiri a chisoni cha pa Facebook ayi. Odwala awiri, ntchito imodzi, koma miyala yokhalira yosiyana.

Tsono ngati gulu lanu lili ndi wodwala wake, kaya ndi woimba amene nyimbo zake zinakulerani, mphunzitsi wopuma, wosema ziboliboli kapena mayi a chigwirizano amene ankatsogolera kwaya, yambani ndi kufunsa. Atumeni anthu awiri, osati khamu, akafunse mwini wake kapena womusamalira: tinene kwa anthu kapena ayi, tinene zingati, chikusowa n'chiyani sabata ino? Dzina la matenda ndi la wodwala. Chithunzi cha munthu ali pabedi, machubu ali m'mphuno, chimabweretsa ndalama msanga, n'zoona, koma chimakhalabe m'mafoni a anthu iye atachira, ndipo ana ake amakumana nacho. Ngati sanalole, gwiritsani chithunzi chake ali bwino, ali pa ntchito yake.

Ndalama ikhale ndi khomo limodzi. Nambala imodzi, yolengezedwa ndi munthu mmodzi wodziwika, dzina lotuluka pa foni potumiza lifanane ndi lomwe lalengezedwa. Akuba amakopera uthenga womwewo ndi chithunzi chomwecho n'kusintha nambala yokha, ndiye uzani anthu kuti asanatumize aone dzina. Osunga akhale awiri osakhala pachibale, ndipo sabata iliyonse, tsiku lomwelomwelo, alembe m'gulu kuti zalowa zingati, zatuluka zingati, zapita kuti, malisiti ajambulidwe. Izi si kukayikira msungichuma. N'kumuteteza, chifukwa tsiku lina wina adzafunsa, ndipo pakasowa pepala ubale umathera pomwepo. Paulo yemwe, potenga zopereka za ku Yerusalemu, sanafune kuyenda nazo yekha. Werengani 2 Akorinto 8:18-21 muone kuti anatuma abale osankhidwa ndi mipingo kuti wina asapeze pomunenera. Pomwe zingatheke, lipirani chipatala, famase kapena mwini nyumba mwachindunji. Ndalama ikafika m'manja pakhomo pa matenda imakumana ndi ngongole zakale ndi achibale ochokera kutali ofuna thiransipoti yobwerera.

Ndipo musaithe yonse mwezi woyamba. Zopereka zimasefukira uthenga ukangotuluka, kenako zimaphwa ngati mtsinje wa m'chilimwe, pamene matenda aakulu amadya pang'onopang'ono: ulendo wa kuchipatala mwezi ndi mwezi, matewera a akulu, mafizo, chakudya chapadera. Anthu makumi awiri olonjeza kandalama kochepa pa 1 mwezi uliwonse amaposa phokoso la tsiku limodzi. Gawani zomwe zalowa, gawo lina likhale la miyezi ya kutsogolo pamene mafoni adzasiya kulira.

Za kukazonda. Lembani ndandanda, anthu awiri kapena atatu patsiku, mphindi 15 kapena 20, pokhapokha wodwala akakukanizani kupita. Tonse tikudziwa Lamulungu lija pamene anthu makumi atatu amadzaza pabalaza, nyimbo zisanu, maulaliki awiri, wodwala akufuna kupita kuchimbudzi koma akuchita manyazi, kenako Lolemba mpaka Loweruka pakhomo pali zii. Sambani m'manja polowa. Ngati muli ndi chimfine kapena chifuwa, imbani foni basi, makamaka kwa amene akulandira chemo, chifukwa chitetezo cha m'thupi mwake chimakhala chitatsika ndipo kachimfine kanu kangamugoneke m'chipatala. Chakudya funsani kaye. Wa shuga musamutengere zakumwa zotsekemera. Wa matenda a kapamba mafuta amamuvuta kugaya, amafuna tizakudya tochepa pafupipafupi, osati mbale yodzaza ndi chipisi. Wa sitiroko nthawi zina amavutika kumeza, ndiye amadya atakhala tsonga, pang'onopang'ono, chifukwa chakudya chikalowera ku mapapo chimayambitsa chibayo. Amene sangathe kudzitembenuza amafuna kutembenuzidwa pafupifupi maola awiri alionse kuti asachite zilonda za pabedi, ndipo usiku ntchito imeneyi imagwera munthu mmodzi yemweyo.

Munthu ameneyo ndi amene timamuiwala. Gadiyani amene wagona pasimenti milungu itatu, amene amachapa, kuphika, kuthamangira mankhwala, iyenso manja alema. Kumufunsa kuti "tingathandize chiyani?" n'kumupatsa ntchito ina yoganiza. Nenani chinthu chenicheni: "Mayi, Lachitatu ndibwera 8 koloko, ndikhala nawo mpaka 2, inu mukagone." Kapena tengani ana mukawasiye kusukulu, kapena bweretsani thumba la makala. Aroni ndi Huri anali awiri pa munthu mmodzi, ndipo palibe anagwira manja onse yekha.

Pakamwa paja tisamalepo. Wodwala akasankha njira yake atamva madokotala, monga anachitira a Pérez, si nthawi yomubweretsera botolo la mankhwala amene munawaona pa WhatsApp, kapena kumuuza kuti chikhulupiriro chake chachepa. Paulo anapempha katatu kuti munga uchoke, sunachoke, ndipo Timoteyo ankadwaladwala m'mimba ali mtumiki wokhulupirika. Pempherani naye mwachidule, mutamufunsa chimene akufuna mupempherere. Ena amafuna machiritso, ena tulo, ena amangoda nkhawa ndi fizi ya mwana. Ndipo kwa munthu waluso, musamufunse kuti abwerera liti ku ntchito, kapena kumupempha kakujambula komaliza, kanyimbo kamodzi kokha. Dzanja limene likukanika kugwira supuni lisapatsidwe pensulo kuti likusangalatseni. M'malo mwake muuzeni zimene ntchito yake inakuchitirani, mwatchutchutchu: nyimbo iti, chaka chiti, munali pati. Mawu amenewo timakonda kuwasungira pamaliro, pomwe mwini wake sangayankhe.

Mwambo wokumbukira a Pérez unachitika pa 22 Meyi 2022 pa msonkhano wa okonda mabukuwa wotchedwa MegaCon ku Orlando, ndipo khomo linali lotsegukira aliyense. Bungwe lija la Hero Initiative likadalipo, likulipirabe lendi ndi mabilu a chipatala a okalamba ena amene mayina awo sadziwika ngati a mkuluyu.

Tiyeni tipemphere. Atate, m'mawa uno tikukumbukira amene agona m'zipatala ndi m'nyumba, ndi amene sanagone chifukwa chowayang'anira. Gwirani dzanja limene lauma, diso limene lachita mdima, ndi mtima wa amene wauzidwa kuti masiku atsala ochepa. Patsani nzeru madokotala ndi anamwino amene akulowa ntchito tsopano, ndi tulo kwa amene akuweruka. Asungichuma athu muwapatse manja oyera. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.