Mapasa Obadwa Ophatikizana: Chifukwa Chake Sikani Iyenera Kuchitika Msanga

Takulandirani, owonera athu. Lero tili ku Salima, ndipo tikukamba za mapasa amene amakula m'chiberekero matupi awo ali ophatikizana.

Mapasa otere amachokera ku dzira limodzi limene lachedwa kugawikana. Likayamba kugawikana patadutsa masiku pafupifupi 13 chitengereni pathupi, silimaliza, choncho anawo amakhala ndi nsengwa imodzi, m'thumba limodzi la madzi. Zoti mayi anadya nthochi zophatikizana kapena analodzedwa n'zongokamba chabe. Izi zimachitika mwa apo ndi apo, ndipo ambiri mwa ana otere amakhala aakazi, ndipo kawirikawiri amalumikizana pachifuwa.

Kusikelo namwino akhoza kupapasa mimba n'kumva mitu iwiri, koma manja sangamuuze ngati anawo ali omatana. Chimene chimaonetsa ndi sikani, kujambula m'mimba ndi makina, kuyambira pa masabata pafupifupi 12. Wojambula amafufuza kachikopa kopyapyala kolekanitsa anawo, ndipo akakasowa amayang'anitsitsa: mitu ili pamzere umodzi, ana ayang'anizana, ndipo ngakhale mayi atembenuke kapena abwerenso tsiku lina, anawo akadali momwemo, wina akasuntha mnzake n'kusunthira limodzi. N'chifukwa chake chizolowezi choyamba sikelo mimba itaonekera kale chimatayitsa nthawi yofunika; bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kujambulitsa masabata 24 asanakwane.

Zikatsimikizika, mayi wa ku Chipoka kapena ku Khombedza sayenera kuchilira pachipatala chaching'ono. Amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kumene madokotala amaunika ziwalo zimene anawo akugawana. Funso lalikulu ndi mtima. Chiwindi chimatheka kugawa chifukwa chimakulanso, koma ana a mtima umodzi kawirikawiri salekanitsika, ndipo makolo ayenera kuuzidwa zimenezi mosabisa, bambo ali pomwepo.

Kubereka kumakonzedwa kuti kuchitike mwa opaleshoni matenda asanayambe, chifukwa matupi awiri omatana kawirikawiri sangadutse panjira yoberekera. Akayesa kubereka mwachibadwa, mayi akhoza kung'ambika chiberekero, kutaya magazi ambiri kapena kudwala fistula, kubooka kwa njira yoberekera kochititsa mkodzo kapena chimbudzi kumangotuluka. Nthawi zambiri dokotala amacheka chiberekero m'litali kuti anawo atulukire limodzi, ndipo chipsera chotere chimatanthauza kuti mimba zonse zotsatira adzachiranso mwa opaleshoni. Magazi oonjezera amakhala atakonzedweratu, ndipo mwana aliyense amakhala ndi anamwino ake omudikira m'chipinda chomwecho.