Woimba steelpan pa ukwati wa pagombe: yambani mwamupezera mthunzi

[Kulira kwa steelpan. Chithunzi: mipando yoyera itandandalikidwa pamchenga.]

Tatcherani khutu kaye. Kulira mukumvaku, kokhala ngati belu koma kofewa, kukuchokera mu mgolo wa mafuta. Inde, diramu lomwe lija timasungiramo madzi kuseri kwa nyumba.

Muli bwanji abale anga? Lero tikambe za steelpan, chida choimbira cha ku Trinidad ndi Tobago, komanso zofunika kudziwa ngati mukufuna kuti chilire pa ukwati wanu wa m'mphepete mwa nyanja. Anzathu a ku Britain mwina mudachimva ku Notting Hill Carnival ku London, ndipo ku South Africa ana a sukulu ambiri amachiimba pamodzi ndi malimba. Chimene chimandipweteka n'chakuti anthu ambiri amaitana woimbayu ngati akubwereka maluwa okongoletsera malo. Amamuimika padzuwa kuti zithunzi zioneke bwino, kenako n'kumadandaula kuti nyimbo sizinakome.

[Chithunzi: Port of Spain, likulu la Trinidad ndi Tobago, phiri la Laventille.]

Chidachi chidabadwa m'mavuto. M'zaka za m'ma 1880, atsamunda a ku Britain adaletsa kuimba ng'oma m'misewu ya ku Trinidad. Zidzukulu za anthu amene adatengedwa ukapolo ku Africa sizidangokhala chete. Zidayamba kugunditsa nsungwi pansi, zomwe amazitcha tamboo bamboo, ndipo pofika m'ma 1930 achinyamata a m'madera osauka ngati Laventille adali akumenya zitini ndi zitsulo zotayidwa. Anthu ngati Winston Simon ndi Ellie Mannette adazindikira kuti ukatiwiza chitsulo ndi nyundo m'malo osiyanasiyana, malo aliwonse amatulutsa liwu lakelake. Mu 1951 gulu la oimba steelpan la ku Trinidad lotchedwa TASPO lidakachiimba ku London, mu 1963 mpikisano wa magulu a steelpan wotchedwa Panorama udayamba, ndipo bungwe la United Nations lidakhazikitsa 11 Ogasiti kukhala tsiku lokumbukira steelpan padziko lonse. Munthu mukumuitanayo wasenza mbiri yonseyi.

[Chithunzi chapafupi: mkati mwa steelpan.]

Tsopano suzumirani m'katimu, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Wopanga amatenga mgolo wa malita pafupifupi 200, n'kusula pansi pake ndi nyundo mpaka pakhale ngati beseni. Kenako amalemba tizigawo, n'kukatukula kalikonse pang'ono ngati chithuza. Amauwotcha pamoto, n'kuyamba kuchuna, kugogoda pang'onopang'ono kwinaku khutu lili tcheru. Kachigawo kakakulu kamalira mwabesi, kakang'ono ka pakati kamalira mwanthetemya. Mu steelpan imodzi yotsogolera nyimbo, yotchedwa tenor, mumakhala tizigawo toyandikira 30. Palibe nsambo, palibe chikopa. Liwu lonse lili m'maonekedwe a chitsulo chopyapyalacho.

Ndiye taganizani chimene dzuwa la masana limachita. Chitsulo chikatentha chimafufuma, kachithuza kaja kamasintha pang'ono, liwu n'kusokonekera. Gitala ikasokonekera, mwini wake amapotoza kachingwe pomwepo n'kupitiriza. Steelpan ayi. Ikawonongeka kwambiri imadikira katswiri wa nyundo, ndipo akatswiriwa ndi ochepa, amalipiritsanso ndalama zambiri. N'chifukwa chake woimba wodziwa ntchito, asanakuuzeni mtengo, amafunsa kuti, kodi ndidzaima pati? Pali mthunzi? Akakufunsani zimenezi musamuone ngati wovuta. Ameneyo ndiye wofunika kumulemba. Mukonzereni katenti, ambulera yaikulu kapena kakhumbi. Ku Pigeon Point ku Tobago, kumene maukwati a pagombe amachitika kawirikawiri, kuli mthunzi wa mitengo ya kokonati, koma musamuike pansi penipeni pa mtengo wobereka. Kokonati imodzi ikagwera m'chidacho, basi, kwatha.

Chachiwiri ndi pansi. Steelpan imalendewera pa choimikira cha miyendo yowonda, ndipo mumchenga miyendoyo imatitimira, chida n'kupendekeka. Thabwa lalikulu limodzi limathetsa vutoli. Mchere nawo ndi mdani: nthunzi ya nyanja yamchere imadyetsa dzimbiri, choncho woimba aime chapatali ndi mafunde.

Apa ndiime pang'ono chifukwa cha ife okulira ku nyanja yathu ya Malawi. Tidazolowera kuti pamene madzi alekeza m'mawa ndi pomwe alekezenso madzulo. Nyanja yamchere si choncho. M'malo ambiri imadzaza ndi kuphwera kawiri pa tsiku, ndipo m'magombe ena a ku Britain madzi amayenda mtunda wautali ndithu. Malo amene mudawaona ouma tsiku lokayendera akhoza kukhala m'madzi pa ola la malumbiro. Funsani eni malo za nthawi ya madzi musanasindikize makadi.

[Chithunzi: woimba mmodzi, kenako gulu la anthu atatu.]

Nanga mulembe angati? Woimba mmodzi nthawi zambiri amabwera ndi sipika yoimba ng'oma ndi besi zojambulidwa kale, iye n'kumatsogolera nyimbo pamwamba. Zimenezi zimafuna magetsi, ndipo pagombe palibe soketi, ndiye mufunseni ngati sipika yake ndi ya batire komanso imakhala maola angati. Jenereta ayi, chonde, phokoso lake limameza kukoma konse. Gulu la atatu kapena anayi, lokhala ndi migolo ya besi, limamveka lodzaza popanda waya uliwonse, koma limafuna galimoto yaikulu, malo okwanira ndi anthu onyamula migolo kudutsa mumchenga. Ine kwanga, pa nthawi ya malumbiro ndimakonda woimba mmodzi wopanda sipika n'komwe. Timitengo take ta labala kunsonga tikamagunda mofulumira pa kachigawo kamodzi, liwu limatalika ngati munthu akung'ung'udza, ndipo likasakanikirana ndi mafunde mkwatibwi akubwera, anthu amangoti zii.

Musaganize kuti steelpan ndi ya nyimbo za kwawo ku Trinidad zokha, monga calypso ndi soca. Imaimba nyimbo za kutchalitchi, za chikondi, ngakhale za makolo athu. Kungoti woimba amafuna nthawi yoti aikonze nyimboyo kuti ikwane pa chida chake. Ngati pali nyimbo ya m'buku imene agogo amaikonda, mutumizireni kudakali milungu ingapo, osati usiku woti mawa ndi ukwati. Mupempheninso vidiyo imene adaimba panja pamaso pa anthu, chifukwa zojambula mu situdiyo zimabisa zambiri.

Koma ndinene poyera: perekaniperekani musamusenzetse woimba steelpan. Pamene paja pamafunika DJ ndi mkulu wa mwambo wodziwa kuitana akuchimuna ndi akuchikazi, kudula nyimbo pakati n'kuikanso ina. Steelpan ipatseni nthawi imene alendo akufika, polowa mkwatibwi, posaina, ndi pamene anthu akumwa zoziziritsa kukhosi akwati akujambulitsa.

Za ndalama, zonse zilembedwe. Mtengo ukhale wa maola angati, ulendo ndi wa ndani, dipoziti ndi zingati ndipo ibwezedwa bwanji mvula ikagwa, ndani adzabwere iye akadwala. Mulembenso zoti ukwati ukachedwa, ola lowonjezera ndi ndalama zingati, pakuti tikudziwana, mkwatibwi wa 2 koloko amafika 3 koloko itadutsa. Magombe ena amafuna chilolezo kuti muimbe ndi sipika, ndiye ankhoswe kapena wapampando wa komiti afunse msanga.

[Chithunzi: mwana akutambasula dzanja kufuna kugwira chidacho.]

Kanthu komaliza. Ana adzathamangira chidachi, akuluakulu ena atalawa pang'ono adzafunanso kuyesa ndi supuni kapena makiyi a galimoto. Kumenya kamodzi kokha ndi chitsulo kukhoza kuwononga liwu limene munthu adalisula masiku ambiri. Sankhani wachibale mmodzi woti aziyang'anira pamene woimba wapita kukadya, ndipo mbale yake ya chakudya ndi botolo la madzi zikhale pa mndandanda wa wophika kuyambira pachiyambi.